Amayi analuma zukini wanga

Pali mawu amene ndinawayankhula kwa amayi anga mu June chaka chatha, ndipo mpaka lero amandibwerera ndikangogwira ndimu m'manja. Sanali mawu otukwana. Munthu wodutsa panjira akanawamva akanati apa palibe nkhani. Koma ine ndinali pafupi, ndinaona mmene dzanja lawo linabwerera m'chitenje, ndipo ndikudziwa chimene ndinachita.

Zonse zinayamba ndi mazukini a achimwene.

## Maungu achizungu

Kwathu ndi cha ku Bembeke. Achimwene ali ndi dimba m'dambo la kumunsi kwa mudzi, ndipo zaka zonsezi akhala akulima zimene aliyense kuno amalima: kabichi, tomato, anyezi, kachewere. Chaka china kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe pagalimoto, atanyamula timapaketi ta mbewu. Anati mbewuyi ndi zukini, mahotela ndi masitolo akuluakulu amumzinda amaifuna sabata ndi sabata, inu limani, ine ndizidzagula. Anabweradi kawiri. Ulendo wachitatu foni yake inasiya kupezeka.

Zukini sadikira munthu. Amayamba kubala miyezi iwiri isanakwane, ndipo akangoyamba, muthyola lero, mkuja mupeza ena akukuyang'anani. Sayanga ngati dzungu lathu. Amangokhala phata limodzi la masamba akuluakulu, zipatso n'kumatulukira m'munsi. Mukamuchedwera masiku anayi okha, amene anali ngati nkhaka mumupeza wafika ngati mkono wa munthu, khungu lalimba, njere zayamba kukhwima.

Achimwene ananyamula thumba lathunthu kupita nalo ku Lizulu. Amene mumayenda msewu wa M1 mukudziwa mmene ndiwo zimayendera malonda pamenepaja, basi ikangoima. Koma pa mulu wa achimwene anthu ankangogwira n'kufunsa. "Kodi ndi nkhaka?" Ayi. "Ndi mphonda?" Ayi. "Nanga amadya bwanji?" Anagulitsa asanu, otsalawo anakwera nawo minibasi kubwerera kwathu.

M'mudzi anangowatcha maungu achizungu, ndipo dzinalo silinaphonye. Zukini ndi m'bale wake wa dzungu. Makolo a maungu onse anachokera ku America, ndipo mtundu uwu anausankha alimi a kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1800 kuti uzidyedwa ukadali wanthete. M'masitolo a ku Lilongwe mupeza atalemba baby marrow, monga amautchulira ku South Africa. Amayi anayesa kuwaphika ngati ndiwo, tomato ndi anyezi, tsiku lina kutendera. Ankadyeka, koma adzukulu ankati ndi ndiwo zamadzi. Chiluwe chake chokha ndiye tinkalimbirana. Otsala ankapita ku khola la nkhumba.

Chaka chachiwiri achimwene sanagule mbewu. Anasiya mazukini awiri kuti akhwime, anachotsa njere, kuziyanika padenga monga timachitira ndi maungu, n'kudzala mzere umodzi kumapeto kwa dimba, kutali ndi chitsime. Amati mwina bambo uja adzatulukira.

## Keke yoyamba inatitimira

Ine ndimagwira ntchito ku Lilongwe, kumudzi ndimapita patchuthi. Ndinafika mu June, nthawi imene Dedza amakhala Dedza weniweni, nkhungu mpaka 9 koloko m'mawa, madzi a mumtsuko oluma mano. Kuseri kwa nyumba kuli mtengo wa mandimu umene anadzala malemu bambo anga, mandimu aja a khungu lokhakhala. Nyengo imeneyi umabereka mpaka nthambi kugunda pansi. Timathyola awiri atatu a tiyi wa chimfine ndi otsukira nsomba, ambiri amangowolera pansi.

Pakhonde dengu la mazukini, kuseri mandimu. Ndinakumbukira keke ina imene mnzanga anabwera nayo ku ntchito tsiku lina, yopyapyala, yodulidwa m'tizidutswa ta makona anayi, pamwamba pali shuga woyera wowawasa. Anatiuza kuti muli zukini ndi mandimu, ndipo palibe anakhulupirira mpaka titaona timizere tobiriwira m'kati mwake. Ndinafufuza kaphikidwe kake pafoni, m'mawa mwake ndinapita pa boma kukagula fulawa, baking powder ndi mafuta.

Kwa amayi kulibe uvuni, koma zimenezo sizinandidetse nkhawa. Ndinakulira chigumu cha pambaula, makala pansi, makala pamwamba. Ndinatsatira zonse monga zinalembedwera, makapu ake, masupuni ake, mphindi zake. Ndinakwecha mazukini awiri pagireta n'kuwakhuthulira m'mbale momwemo, ndi madzi ake omwe.

Poyamba inafufuma mosangalatsa, mpaka kutsala pang'ono kugunda chivindikiro. Nditavundukula kachiwiri ndinapeza pakati patalowa ngati chitsime. M'mbali munali mutapsa, pakati pali phala. Tinadya za m'mbalizo, pakatipo zinadya nkhuku.

Nthawi yonseyi amayi anali pakhomo la khitchini akutong'ola chimanga. Anayankhula kamodzi kokha.

"Maungu amenewo ali ndi madzi, mwanawe. Ukanawafinya."

Ndinayankha kuti pafoni sanalembe zimenezo. Sanabwerezenso.

Usiku ndili m'bulangete ndinawerenga zambiri, ndipo ndinapeza kuti zolakwika zinali ziwiri. Choyamba n'chomwe ananena amayi: pa magalamu 100 a zukini, oposa 90 ndi madzi okhaokha. Chachiwiri ndi malo athu. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000. Mpweya kuno ndi wopepuka. Madzi amawira asanafike madigiri 100, cha m'ma 95, n'chifukwa chake nyemba za kuno zimadya nkhuni chonchija. Keke nayo imatupa mofulumira, fulawa ndi mazira zisanalimbe mokwanira kuti ziigwire, kenako imagwa. Amene analemba kaphikidwe kaja sankaganiza za Bembeke.

Pamenepo ndinakumbukira mkangano umene ndinakula ndikuumva. Azakhali a ku Golomoti, kunsi kwa phiri, nthawi zonse ankati amayi amaumira soda m'chigumu. Amayi ankati soda wa azakhaliwo kuno angagwetse chigumu. Onse awiri ankanena zoona, aliyense ankanena za kwawo.

## Lachitatu la mphakati

Lachitatu lotsatira mphakati unali wokumana kwathu. Amayi tsiku limeneli salitenga mwachibwana. Bwalo limaseseredwa kawiri, mikeka imabwerekedwa, tiyi amakhala wamkaka, ndipo chigumu chawo sichilephera. Ulendo uno ndinawapempha kuti chigumu achisiye, ndiphika ndine. Ndinkafuna kuwapumuza, zimenezo ndi zoona. Komanso ndinkafuna kuti azimayi aja aone kuti mwana wawo wa ku tauni wabwera ndi zatsopano. Zonse ziwiri zinali mumtima mwanga, ndipo chachiwiricho sindingachibise.

M'mawa mwana wa achimwene anabwera ndi mazukini 6 kuchokera kudimba, mame akadali pakhungu. Ndinawatsuka bwinobwino, ndinayala nsalu yoyera patebulo, ndinandandalika mbale, fulawa, mazira, mandimu. Amayi anabwera ndi kampando kawo n'kukhala pambali panga.

Anatenga zukini mmodzi, anamutembenuza, analuma kansonga ka kuphata, anatafuna pang'ono, n'kumuika pambali. Anatenga wachiwiri, chimodzimodzi.

Ndinaona malo a mano awo pa zukini amene ndinali nditangomutsuka, ndipo mawu anatuluka ndisanawaganize.

"Amayi, musamalume choncho. Izi ndi za alendo, si za kudimba."

Dzanja lawo linali litatambasuka kale kupita kwa wachitatu. Linaima m'malere, kenako linabwerera m'chitenje. Sanandiyang'ane.

"Pepa, mwana wanga. Ndinazolowera."

Mayi amene anandibereka, amene anandiphunzitsa kusonkha moto, anandipepesa pakhomo pawo pomwe.

Ndinamva kenakake pachifuwa, koma ndinapitiriza ntchito. Awiri olumidwa aja ndinawakankhira kumapeto kwa tebulo, sindinafune kuwagwiritsa ntchito. Ndinatenga wachitatu, kudula nsonga zonse ziwiri, kuziponya m'lichero la zinyalala limene linali pansi, n'kukwecha. Wachinayi chimodzimodzi. M'mbale munayamba kudzaza. Panalibe woyankhula, kunkangomveka gireta ndi nkhuku.

Kenako ndinaona amayi akuwerama. Patebulo ndinali nditawaletsa, ndiye anapita ku lichero. Anatola kansonga kamene ndinataya, anakapukuta pachitenje, anakaika pakamwa. Anatolanso kena. Kachitatu atangokaika palilime, nkhope yawo inakwinyika, analavulira kumbali msangamsanga.

"Usathire m'fulawa. Mmodzi mwa awa ndi wowawa."

Ndinatola kansongako n'kukhudzitsa palilime. Kuwawa kwake sindinakumvepo. Sikunali kuwawasa kwa ndimu, kumene kumakutsinzinitsa maso kenako n'kutha. Kunali kuwawa kokakamira, kofika kummero, koposa kwinini. Ndinachukucha m'kamwa katatu koma kunalipobe.

Ndipo zukini ameneyo ndinali nditamukwechera kale m'mbale, atasakanikirana ndi mnzake.

Ndinayang'ana nthawi, inali 11 koloko. Alendo amafika 2 koloko. Ndinati, "Amayi, shuga ndi wambiri, mandimunso alipo. Ikapsa sizidzamveka."

Apa ndiye anandiyang'ana m'maso koyamba m'mawa wonsewo.

"Chowawa cha mphonda sichipsa, mwanawe. Ungachiwiritse tsiku lonse. Ndili mtsikana, chaka cha njala, banja lina kwathu linaphika mphonda zowawa poti panalibe china. Usiku wonse kusanza ndi kutsekula m'mimba, kuyambira mwana mpaka agogo. Ndinakawatungira madzi ine ndemwe. Chichokereni tsiku limenelo, chilichonse cha mtundu wa dzungu chimene sindichidziwa ndimayamba ndalawa."

Sanakweze mawu, ndipo sananditchulire zimene ndinawanena zija.

## Chimene chinali m'mbale muja

Patapita masiku ndinadzawerenga dzina lake. Zomera za banja la maungu, nkhaka, mphonda ndi mavwende zimatha kupanga mankhwala owawa otchedwa cucurbitacin, odzitetezera kuti nyama zisazidye. Mitundu imene timalima inasankhidwa kwa mibadwo yambiri kuti ikhale yosawawa, koma kuwawako kumatha kubwerera, makamaka pa mbewu zosunga tokha, ndipo kumakula chomera chikavutika ndi ludzu. Moto suwathetsa mankhwala amenewa. Shuga amangowabisa. Munthu akadya, pakangopita maola ochepa m'mimba mumayamba kupota, kenako kusanza ndi kutsekula, ndipo amene amafooka msanga madzi akatha m'thupi ndi ana ndi okalamba.

Pamphakati wathu ambiri ndi agogo, ndipo aliyense amabwera ndi kamdzukulu. Ndikamaganiza za tsikulo, sindiona mbale ya zukini. Ndimaona timanja ta ana tija titatambasuka kulandira keke kuchokera kwa ine.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi ichi. Zonse zimene ndinawerenga zinafika pa malangizo amodzi: lawani kachidutswa kakang'ono musanaphike, kakawawa lavulani, tayani zukini yenseyo. Ndi zomwe amayi ankachita ndi mano awo pamene ine ndinkawadzudzula.

## Tinaphika awiri

Zokwecha zonse zija amayi anakana kuti zipite kwa nkhumba, anati ndikazitaye m'chimbudzi. Mbale ndi gireta anazikwecha ndi phulusa, kenako sopo. Patebulo panatsala mazukini anayi, awiri osakhudzidwa ndi awiri olumidwa aja. Ndinatenga osakhudzidwawo n'kuwapatsa ndi manja awiri. Analuma, anatafuna, anagwedeza mutu kuti ali bwino. Koma anali aakulu, njere zitayamba kulimba, ndiye anati amenewo akhale ndiwo zamadzulo. Keke ya alendo inaphikidwa ndi awiri amene ndinawakankhira kumapeto kwa tebulo.

Nditakwecha, amayi anawaza kamchere pang'ono n'kunena kuti tidikire. Patapita mphindi khumi anakulunga zonse m'kansalu koyera n'kupotokola ndi manja awo olimba aja. Madzi obiriwira anatuluka kupitirira theka la kapu. Anandionetsa osanena kanthu.

Moto anautenga ndi iwo. M'sefuliya yaikulu anathira mchenga wa kumtsinje wokwana zala ziwiri, anaikhazika pambaula kuti itenthe, makala a pansi anawachepetsa mpaka ndinayamba kuda nkhawa. Thireyi itakhala pamchenga, anavindikira ndi chidutswa cha lata n'kuyala makala ambiri pamwamba, m'mbali mochuluka, pakati pang'ono. Nthawi ndi nthawi ankayandikiza chikhatho ku sefuliya, n'kuchotsa khala limodzi apa, kuwonjezera lina apo. Nditafuna kuvundukula kuti ndione, anandigwira mkono.

"Ukaitsegulira mphepo ya kuno ikadali yanthete, igwa. Dikira fungo."

Fungo linabweradi, la mandimu poyamba, kenako la keke yakupsa. Inatuluka yosalala bwino, yagolide pamwamba, pakati posalowa ngakhale pang'ono. Shuga wa pamwamba ndinali nditaiwala kugula, amayi anangotenga shuga wamba n'kumusinja m'kamtondo ka nsinjiro kotsukidwa bwino mpaka anasalala ngati ufa woyera.

Alendo anadya, ana anapempha zowonjezera. Agogo ena anafunsa kuti waphika ndani zokoma chonchi. Amayi anayankha mwansangala kuti, "Mwana wangayu, wabwera nazo ku Lilongwe."

Ndinangomwetulira. Pamenepo m'pamene ndikanati tinaphika awiri, ndikanati popanda amayi bwenzi tikukamba zina. Sindinanene. Ichi ndi chinthu chachiwiri chimene chimandibwerera.

## Mmene ndimaphikira tsopano

Anzanga angapo andifunsa kaphikidwe kake, ndiye ndikalembe pano monga ndimachitira, osati monga ndinakapezera.

Ndimayamba ndi kulawa. Zukini aliyense, osati mmodzi woimira anzake. Ndimasankha ang'onoang'ono, otalika ngati chikhatho ndi zala, chifukwa khungu lawo ndi lofewa ndipo safunika kusenda. Ndikakwecha ndimawaza mchere pang'ono, kudikira mphindi khumi, n'kufinya m'nsalu mpaka manja kuwawa. Zofinyazo zikwane kapu imodzi ndi theka.

Kenako mandimu awiri. Kukoma kwa keke imeneyi kuli m'khungu la ndimu kuposa m'madzi ake, chifukwa mafuta onunkhira aja ali m'kachikasu ka pamwamba. Ndimapala kachikasuko kokha, mopepuka, osafika pa choyera cha m'kati, poti choyeracho chimawawa. Mandimu athu okhakhalawa amafuna kuleza mtima, gireta imalumpha m'mabampu mwake. Zopalazo ndimazithira mu shuga, kapu imodzi yosadzaza kwenikweni, n'kufikisa ndi zala mpaka shugayo anyowe ndi kununkhira. Mukalumpha zimenezi keke ipsa ndithu, koma idzakhala keke wamba.

Mu shuga yemweyo ndimaswera mazira awiri, kumenya bwino, kuthira mafuta ophikira theka la kapu ndi madzi a mandimu masupuni aakulu atatu. M'mbale ina ndimasefa fulawa makapu awiri, baking powder supuni yaing'ono imodzi, ndi soda kota ya supuni yaing'ono. Ndikamaphikira ku Lilongwe baking powder ndimawonjezerako pang'ono, kwathu ku Dedza ayi. Mchere sindithiranso, wotsalira mu zukini uja umakwana.

Musanaphatikize mbale ziwirizi moto ukhale utakonzeka, thireyi itapakidwa mafuta. Soda akangokumana ndi madzi a ndimu amayamba ntchito nthawi yomweyo, ndipo mukayamba kusaka makala pamenepo, mphamvu yake ithera m'mbale. Sakanizani mopepuka, fulawa akangosowa basi lekani. Fulawa wa tirigu mukamutakasa kwambiri amalimba, mudzadya chinthu chonga mandasi ogona. Zukini amalowa pomaliza. Zikaoneka zouma kwambiri, masupuni awiri a mkaka amakonza.

Thireyi yanga ndi ya masentimita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, ndipo zosakanizazo zimangofika ngati zala ziwiri kuchokera pansi. Kupyapyala kumeneku n'kumene kumaithandiza pambaula, chifukwa moto umafika pakati m'mbali musanapserere. Mu uvuni wamagetsi ndi madigiri 180, mphindi 25 mpaka 30. Pambaula musadalire wotchi, dalirani fungo, kenako bayani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma, yapsa.

Isiyeni izizire ndithu. Ndikudziwa kuti ana amakhala atazungulira kale, koma yotentha imanyenyeka mukaidula, ndipo shuga wa pamwamba amangosungunuka n'kulowa. Ikazizira sakanizani kapu imodzi ya shuga wosalala ndi masupuni awiri a madzi a ndimu, pakani pamwamba, dikirani aume, kenako dulani. Ine ndimapeza tizidutswa 20. M'nyengo yozizira kwathu imakhala masiku awiri atatu m'chidebe chotseka, ndipo tsiku lachiwiri ndi pamene imakoma kwambiri. Zukini mwiniwakeyo simumumva. Ntchito yake ndi kusunga chinyezi kuti keke isaume.

## Mzere wa kumapeto

M'mawa mwake tinatsikira kudimba atatu, amayi, achimwene ndi ine. Tinayenda phata ndi phata, amayi akuthyola kamwana kamodzi n'kulawa. Onse anali bwino kupatula phata limodzi, lomalizira penipeni, pamene keni yothirira imafika madzi atatsala ochepa. Pamaso silinkasiyana ndi anzake. Masamba omwewo, maluwa omwewo.

Achimwene analizula osayankhula. Ndinaona kuti zawapweteka, ndipo ndinawamvetsa. Mlimi amene wasunga mbewu sanalakwe. Maungu amene timadya kwathu ndi a njere zimene agogo anasiyira amayi, ndipo sanatidwalitsepo. Koma mbewu zambiri za m'mapaketi ndi za haibulidi, zonga chimanga cha m'sitolo chija: ana ake safanana ndi kholo. Bambo amene anabweretsa mapaketi uja anatiuza mtengo wa pa kilo, koma sanatiuze zimenezi, sanatiuzenso za kuwawa. Mbewu yatsopano ikamafika m'mudzi imafunika kubwera ndi nkhani yake yonse, osati theka lokoma lokha.

Achimwene sanasiye kulima zukini. Chaka chino agula paketi imodzi, adzala mapando ochepa pafupi ndi chitsime, ndipo chipatso choyamba cha phata lililonse amayamba alawa. Alamu anga ayamba kuphika keke ija Loweruka n'kumagulitsa tizidutswa kwa aphunzitsi ndi anthu otuluka ku tchalitchi. Si ndalama zambiri, koma ya sopo ndi mchere imapezeka.

## June wa chaka chino

Kupepesa kunanditengera miyezi. Ndinabwerera ku Lilongwe osanena kanthu, ndipo pafoni nkhani yotere siyambika. Ndinadzanena pa Khirisimasi, usiku, tili awiri m'khitchini moto ukuzilala. Ndinati, "Amayi, tsiku la mphakati lija ndinakuyankhulani molakwika. Ndiponso pamaso pa alendo sindinanene kuti keke ija munaipulumutsa ndinu. Pepani."

Anakhala chete akusonkhezera chikuni. Kenako anati, "Unali ndi mantha kuti alendo akuseka. Ndinaona." Anaonjezera kuti tikagone, kunja kwazizira.

Mwezi wathawu ndinapitanso. Mtengo wa bambo unali utaberekanso mpaka pansi. Mwana wa achimwene anabwera ndi mazukini anayi m'mawa, ndinawatsuka, ndinawaika m'mbale, ndipo ndisanagwire gireta ndinagwada n'kuika mbaleyo pamiyendo pa amayi.

Anatenga woyamba, analuma, anatafuna, anamuika pambali. Wachiwiri anamuyang'ana kanthawi, kenako anandipatsa.

"Uyu luma iwe. Lilime langa likukalamba."

Ndinaluma. Anali wozizira ndi mame, wofewa, wosawawa. Ndinawauza kuti ali bwino.

"Kwecha," anatero, akudzuka kukayatsa mbaula.